Malipiro Ndi Amodzi, Nanga Bwanji Sukulu Ina Aphunzitsi Amaithawa?

M'zoni imodzi mumatha kupezeka sukulu ziwiri zotalikirana ulendo wa ola limodzi pa njinga, ina aphunzitsi akuilimbirana, inayo akuithawa. Makalata opempha kusamuka amene amaunjikana pa tebulo la a PEA, alangizi oyang'anira sukulu za pulayimale za m'zonimo, amachokera kumodzimodzi chaka ndi chaka. Komatu aphunzitsi a sukulu ziwirizi amalandira ndalama zofanana, zochokera m'thumba limodzi la boma, ndipo zikachedwa zimachedwera onse. Msewu wopita kuboma ndi womwewo, mtengo wa sopo pagolosale ndi womwewo. Ndinaphunzitsapo kupulayimale ya kumudzi m'chigawo chapakati ndisanalowe ntchito ina, ndipo ndinakhalapo m'sukulu za mitundu iwiri yonseyi. N'chifukwa chake munthu akandiuza kuti chimene chimakhutiritsa wantchito ndi ndalama basi, ndimavomera theka, theka linalo ndimakana.

Ndiyambe ndi theka limene ndimavomera, kuopa kuti wina anganene kuti ndikulankhula chifukwa ndakhuta. Ndalama ndi nkhani yaikulu. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, ndipo malipiro a mphunzitsi sanathamange liwiro limene shuga, mafuta ophikira ndi feteleza zinathamanga. Payslip ya mphunzitsi wamba ndi kapepala komvetsa chisoni. Pamwamba pali nambala yooneka ngati ya munthu, koma pofika pansi msonkho wadya, SACCO yadya, ngongole ya kubanki yadya, ndipo chotsalacho chikudikiridwa kale ndi wakatapila amene anakusungirani khadi la ATM. Umboni woti ndalama imasunga anthu pa ntchito tili nawo kwathu konkuno. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anamwino ankachoka m'zipatala zathu kupita ku Britain, ndipo boma, mothandizidwa ndi nthambi ya boma la Britain yoona za chitukuko (DFID) ndi thumba la zaumoyo la Global Fund, linaonjezera malipiro a ogwira ntchito zachipatala ndi 52 peresenti kuyambira mu 2005. Chiwerengero cha ogwira ntchito m'zipatala chinakwera m'zaka zotsatira. Palibe amene anachitapo zotere kwa aphunzitsi.

Koma ngakhale pa ndalama pomwepo, chimene chinkatipweteka kwambiri sichinali kuchepa kwake kokha ayi. Linali tsiku. Ndalama yochepa yobwera pa tsiku lodziwika munthu amaikonzera njira: amadziwa kuti wagolosale amuuza liti, fizi ya mwana alipira liti, thumba la chimanga agula liti. Ndalama yomweyo ikamabwera mwezi uno pa 27, mwezi wamawa pa 6 mwezi winawo, imasandutsa munthu wamkulu kukhala wabodza m'mudzi. Mumalonjeza mwini nyumba, tsiku n'kufika, inu n'kumazemba podutsa pakhomo pake. Mumakwera kabaza kupita kuboma chifukwa mnzanu wa sukulu ina waimba kuti "zalowa", n'kukaima pamzere dzuwa lonse, kenako makina n'kukuuzani kuti mulibe kanthu. Ulendo wobwerera mumakongolanso. Za ndalama za m'mbuyo ndi za leave grant, ndalama ya tchuthi cha pachaka, ndiye tinkangoti fodya wako ndi amene ali pamphuno, chifukwa zolonjezedwazo zinkatha kumera ndevu zili m'mafailo.

Zonsezi, monga ndanena, zinkatigwera tonse mofanana. Sizingafotokoze chifukwa chimene sukulu ina inali ndi aphunzitsi oseka m'sitafu rumu pomwe ina aliyense ankadyera mbatata yake m'kalasi.

Mkulu wina wa ku America, Frederick Herzberg, anafalitsa mu 1959 zotsatira za kafukufuku amene iye ndi anzake anachita ku Pittsburgh pakati pa mainjiniya ndi owerengera ndalama pafupifupi 200. Ankapempha munthu aliyense kuti afotokoze nthawi imene ntchito inamukomera kwambiri ndi nthawi imene inamuipira kwambiri. Anapeza kuti mayankho a mafunso awiriwa sankakhudza zinthu zofanana. Pofotokoza zoipa, anthu ankatchula malamulo a kampani, khalidwe la abwana, malo ogwirira ntchito ndi malipiro. Pofotokoza zokoma, ankatchula ntchito imene anaigwira n'kutheka, kuyamikiridwa, kupatsidwa udindo ndi kukwera. Mfundo yake inali yakuti kuchotsa zowawa sikubweretsa chimwemwe, kumangochotsa zowawazo. Akatswiri ena anamutsutsa, ndipo inenso ndili ndi kangachepe kanga: anthu amene iye anawafunsawo malipiro awo ankafika pa tsiku lake, ndipo sankaphunzitsa pansi pa mtengo wa mango. Kwathu kuno zowawa zimene iye ankaziona ngati za m'mbali ndi zimene zadzaza bwalo lonse. Komabe pa chinthu chimodzi anagunda penipeni: dzina la abwana limatuluka msanga munthu akayamba kufotokoza tsiku limene ntchito inamuwawa.

Kusukulu ya pulayimale abwanawo ndi ahedi. Alibe mphamvu yokweza malipiro a munthu, sangamange nyumba, sangakweze munthu giredi. Koma zimene zili m'manja mwawo n'zimene mphunzitsi amakumana nazo m'mawa uliwonse.

Choyamba ndi kagawidwe ka makalasi kumayambiriro kwa chaka. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60, koma aliyense amene analowapo mu Sitandade 1 ya kumudzi amadziwa kuti ana opitirira 100 m'chipinda chimodzi si nkhani yachilendo. Ana amenewo ena akulira, ena akufuna kupita kuchimbudzi, ena sanagwirepo pensulo chibadwire. Pofika Sitandade 7 ndi 8 ambiri amakhala atasiyira panjira, kalasi ndi yaing'ono, ili ndi madesiki, ndipo kawirikawiri aphunzitsi angapo amagawana maphunziro. Tsono ukaona kuti mayi mmodzi yemweyo ndi amene amaponyedwa ku Sitandade 1 chaka chilichonse "chifukwa ndi mayi, amadziwa ana", pomwe anzawo a ahedi amangozungulira m'makalasi a pamwamba, usafunsenso chifukwa chimene mayiyo amadwala Lolemba lililonse.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene pamathera maubale ambiri, ndi timwayi ta ndalama zapadera. Mphunzitsi wa kumudzi ali ndi mipata yowerengeka yopezera kenakake kunja kwa malipiro: maphunziro a ku TDC (likulu la aphunzitsi a m'zoni) okhala ndi alawansi, kuyang'anira mayeso a MANEB, ntchito za chisankho kapena za kalembera wa anthu ngati uja wa 2018, ndi misonkhano ya mabungwe, imene nthawi zina imakachitikira kunyanja ku Salima kapena ku Mangochi. Ndalama zake si zambiri, koma kwa munthu amene payslip yake inadyedwa kale, alawansi ya masiku atatu ndi thumba la feteleza. Sukulu ina imene ndinakhalako, kalata yoitana anthu ku maphunziro sinkaoneka ndi maso. Tinkangozindikira Lolemba kuti awiri palibe, ndipo makalasi awo agawidwa kwa ife otsala. Lachisanu ankabwera ndi tizikwama tatsopano ndi mabotolo a madzi. Anali anthu omwewo nthawi zonse. Palibe amene ankafunsa poyera, koma kuyambira pamenepo ahedi akapempha munthu woti athandize masewera a ana Loweruka, aliyense ankayang'ana pansi. Wina ankanong'ona kuti, "Apite omwe amadya aja."

Kusukulu inayo ahedi anali bambo wachikulire, wosalankhulalankhula, wokonda jekete imodzi ya bulauni. Kuseri kwa chitseko cha ofesi yawo anamatako pepala lalikulu lolembedwa ndi maka, mayina athu tonse motsatana, ndi mizere yopingasa. Kukabwera kalata ya maphunziro, ankaiwerenga mokweza pa nthawi ya buleki, n'kutsegula chitsekocho kuti tonse tione amene ali pamzere. Kalata ikafuna munthu wa phunziro lakutilakuti, ankanena poyera kuti, "Apa afuna wa masamu, ndiye Madamu mudikire, ulendo winawo ndi wanu," n'kuika kachizindikiro pa dzina la wodumphidwayo. Dzina lawo linali pa mndandanda womwewo, cha pakati, ndipo ankadikira ngati wina aliyense. Pepalalo linali lothimbirira, ngodya zake zitapindika, koma ndikukhulupirira kuti linasunga aphunzitsi ambiri pa sukulupo kuposa kandalama ka aphunzitsi a kumudzi kamene boma limaonjezera. Umphawi unalipo ndithu, koma unali wa tonse, ndipo palibe amene ankagona akuwerengera zimene mnzake wadya.

Ndikudziwa kuti wina anena kuti kutumiza anthu motsatira mzere si nzeru, kumafunika kutumiza woyenera. N'zoona nthawi zina. Koma m'sukulu zambiri mawu akuti "woyenera" ndi chovala chimene kukondera kumavala kukamapita kutchalitchi.

Chachitatu ndi mmene munthu amadzudzulidwira. Mphunzitsi amalakwa: amachedwa, salemba sikimu, lesoni pulani yake imakhala ya sabata yatha. Kudzudzula ndi ntchito ya ahedi, ndipo mphunzitsi wabwino sakana. Nkhani ili pa malo ake. Ndinaonapo mphunzitsi wa imvi akukalipiridwa pa asembule, ana mazanamazana ataima m'mizere, chifukwa chofika belu litalira. Ana anaseka. Mphunzitsi uja analowa m'kalasi n'kuphunzitsa ndithu, koma kuyambira tsiku limenelo ana akamadutsana naye pamsika ankatsanzira mawu a ahedi aja. Kumudzi mphunzitsi alibe galimoto, alibe suti zambiri, chuma chake ndi kutchedwa "Aphunzitsi" ndi anthu amene akumuposa ng'ombe. Ukamulanda chimenecho pamaso pa ana wamulanda zonse. Ahedi a jekete ya bulauni aja ankangoti, "Aphunzitsi, mukamaliza piriyodi imeneyi mundipeze," ndipo zimene zinkakambidwa mu ofesimo zinkathera momwemo, ngakhale ena ankatulukamo thukuta lili kamukamu.

Ndiye pali maliro. Sindikudziwa buku la kayendetsedwe ka ntchito lolembedwa kunja limene lingamvetse kulemera kwa nkhaniyi kwa ife. Uthenga umafika pakati pa phunziro, foni ikunjenjemera m'thumba, kuti amalume atisiya. Zimene abwana anene m'mphindi zisanu zotsatirazo wantchito adzazikumbukira mpaka kupuma ntchito. Ena amayamba ndi kufunsa kuti, "Amalume ake ati? Si mwezi watha womwewu munapita kumaliro?" Ena amati, "Pepani kwambiri. Nyamukani, kalasi yanu tiona ife. Thiransipoti muli nayo?" Kenako kabuku ka chipepeso kamazungulira, aliyense n'kuponya kangachepe, ndipo tsiku loika maliro anzako awiri amatulukira pasiwa atapalasa njinga mtunda wonsewo. Munthu amene anzake a kuntchito anamukhalira pamaliro salemba msanga kalata yopempha kusamuka, ngakhale denga la nyumba yake likudontha.

Za nyumba ndi zipangizo sindichedwapo, chifukwa aliyense amazidziwa. Boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi kupulayimale mu 1994, ana anachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Panalembedwa aphunzitsi osaphunzitsidwa ntchito pafupifupi 20,000, amene pambuyo pake anadzaphunzitsidwa ali pa ntchito kudzera mu pulogalamu yotchedwa MIITEP. Makalasi ndi nyumba za aphunzitsi sizinachuluke pa liwiro limenelo, ndipo mpaka lero tikuthamangitsabe ngongole ya chaka chimenecho. Sukulu ya aphunzitsi khumi ndi awiri imatha kukhala ndi nyumba zitatu. Otsalawo amachita lendi kutali, amafika atatopa, ndipo nyengo ya mvula mtsinje ukadzaza safika n'komwe. Choko chikatha pakati pa teremu, mphunzitsi amagula ndi ndalama yake kapena amangolankhula. Apanso funso loti nyumba zitatuzo alowamo ndani limabwerera kwa ahedi ndi komiti ya sukulu.

Chimene chimadya mtima pang'onopang'ono, osaoneka, ndi kuima malo amodzi. Munthu amatuluka ku koleji ya zauphunzitsi (TTC), kaya ku Kasungu, ku Machinga kapena ku Bembeke, ali ndi moto. Amadikira kaye kunyumba kuti boma limulembe, ndipo magulu ena a omaliza maphunziro a uphunzitsi otchedwa IPTE anadikira zaka. Akalowa, amatha kukhala pa giredi yoyambira yomweyo mpaka mwana amene anamuphunzitsa a e i o u atabwera kudzakhala mphunzitsi mnzake, malipiro n'kumafanana. Kutatsala milungu yochepa kuti chisankho cha pa 21 Meyi 2019 chichitike, aphunzitsi zikwizikwi anakwezedwa nthawi imodzi. Amene anakwezedwawo anasangalala, ndipo ambiri anali oyeneradi, koma phunziro limene tonse tinatolapo linali loipa: kukwera sikudalira mmene ukuphunzitsira, kumadalira kalendala ya ndale. Munthu akafika pokhulupirira zimenezo amasiya kudzivutitsa. Anzeru amayamba kulemberanso mayeso a MSCE kuti akonze magiredi, maso ali ku koleji ya Domasi kapena ya Nalikule, kuti akatenge dipuloma n'kuthawira kusekondale. Pulayimale imataya anthu ake akhama mwa njira imeneyi, mwakachetechete. Masiku ano kwabweranso aphunzitsi othandizira, olembedwa pa kontirakiti, ophunzira mofanana ndi anzawo, ogwira kalasi yofanana, koma olandira zochepa ndi osadziwa ngati chaka chamawa adzakhalapo. Kuika anthu awiri otere m'chipinda chimodzi n'kumayembekeza kuti onse agwira ntchito ndi mtima umodzi n'kudzinamiza.

Nanga chokoma chili pati? Chilipo, ndipo n'chifukwa chake ntchitoyi sinathe anthu. Amene sanaphunzitsepo Sitandade 1 sangadziwe zimene zimachitika cha mu teremu yachiwiri, mwana amene miyezi yonseyi amangoyang'ana bolodi ngati khoma akaloza ndi chala n'kunena yekha, pang'onopang'ono, kuti "a-ga-lu". Amakuyang'ana kuti aone ngati walondola, ndipo nkhope yake imasintha. Tsiku limene zotsatira za mayeso a Sitandade 8 (PSLCE) zatuluka, mwana wa pasukulu panu n'kusankhidwira ku sekondale ya boma yogonera konko, mudzi wonse umadziwa dzina la mphunzitsi wake. Mayi wina amabwera ndi nkhuku atakulunga m'chitenje, wina ndi lichero la mtedza. Pamenepa Herzberg sananame: chimwemwe chenicheni chimachokera mu ntchito yomweyo, ikatheka. Koma taonani kuti kutheka kwakeko kumadalira zonse ndatchula zija. Mphunzitsi wa ana 130, wopanda mabuku, amene m'mawa wakalipiridwa pa asembule, mwayi wake womva "agalu" uja ndi wochepa. Malo oipa a ntchito samangowonjezera zowawa, amatsekanso khomo limene chokoma chikanalowera.

Kuyamikira nakonso n'kotchipa koma n'kosowa. Alangizi akabwera kudzaonerera phunziro, mphunzitsi amadziwiratu kuti amva mndandanda wa zolakwa: simunagwiritse ntchito zipangizo zopezeka m'dera, simunagawe ana m'magulu, nthawi inakutherani. Magulu ake ati m'chipinda chimene mwana sangathe ngakhale kutambasula mwendo? Mlangizi mmodzi yekha ndi amene ndimamukumbukira bwino, mayi wina amene atatha kuonerera anayamba ndi kundifunsa kuti, "Aphunzitsi, kamtsikana kakhala kumbuyo kaja kakuoneka kuti sikamva bwino, mwakaona?" Ndinali nditakaona, ndipo ndinali nditayamba kale kukaika kutsogolo masiku ena. Tinakambirana za mwanayo kwa nthawi ndithu ngati anthu awiri odziwa ntchito imodzi. Zolakwa zanga anazinena pambuyo pake, ndipo ndinazimva bwino lomwe.

Aphunzitsi akafika potopa, njira yodziwika ndi sitalaka. Mu Juni 2017 bungwe la aphunzitsi la TUM linatsogolera sitalaka ya leave grant, ana a sukulu mpaka analowa m'misewu kukakamiza boma kuti aphunzitsi awo abwerere. Mu 2021, sukulu zikutsegulidwanso pambuyo pa funde la Covid-19, kunabukanso ina yofuna alawansi ya chiopsezo. Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la ubale wa pa ntchito, kulola olemba ntchito kudula malipiro a munthu amene wanyanyala kupitirira masiku atatu pa chaka. Kaya lamulolo wina aliona bwanji, sitalaka imangogwira zinthu zowerengeka ndi manambala. Palibe amene anayendapo mumsewu ndi chikwangwani chodandaula kuti ahedi amabisa makalata a maphunziro, kapena kuti anamufunsa mafunso achipongwe tsiku la maliro a amalume ake.

Ndipo poti ntchito ndi yosowa m'dziko muno, wosakhutira satula pansi udindo. M'mayiko ena abwana amadziwa kuti zinthu zavuta akaona anthu akuchoka. Kuno munthu amakhala, chifukwa kunja kuli anzake a satifiketi yomweyo amene akugulitsa mayunitsi, ndipo penshoni ili kutsogolo. Amafika m'mawa n'kusaina m'buku la nthawi. Amapatsa mtsogoleri wa kalasi kope kuti alembe manotsi pabolodi, iye n'kukhala panja pa mpando akuwerengera za dimba lake la tomato, kapena za njinga yamoto imene anapatsa mnyamata kuti aziyendetsa kabaza. Mphamvu zake zenizeni amasungira ana a pati taimu masana, amene makolo awo amalipira. Lipoti lopita kwa mkulu wa zamaphunziro kuboma kumapeto kwa teremu limasonyeza kuti sukuluyo ili ndi aphunzitsi okwanira, onse analipo, ndipo silabasi inatha.